Mmene Mungakonzere Ulendo Wokaona Maluwa a M'chipululu cha Australia

Amalawi ambiri amene amapita ku Australia amapitira sukulu, ntchito kapena kukaona abale, ndipo akabwerera kuno ku Lilongwe nkhani zawo zimakhala za mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Ndi ochepa amene amalowa m'kati mwa dzikolo, kumene eni ake amakutcha outback. Ine ndinakafikako chifukwa cha mlamu wanga amene ankaphunzira ku Perth, ndipo mpaka lero ndikatsinzina ndimaona dothi lofiira ngati katondo litakutidwa ndi maluwa kukafika kumene maso amalekezera. Ndalemba malangizo awa kuti amene mwayi ungakugwereni mukafike pa nthawi yake, mukayende bwino, ndipo mukabwereko ndi chinthu chogwirika chofotokozera anzanu.

Yambani ndi mvula, tikiti ibwere pambuyo

Mlimi aliyense wa ku Mitundu kapena ku Nsaru amadziwa kuti tsiku lodzala silichokera pa kalendala, limachokera kumwamba. Maluwa a m'chipululu nawonso ali chimodzimodzi, ndipo amene samvetsa zimenezi amawononga ndalama zambiri n'kukapeza fumbi lokhalokha. Njere za maluwa ambiri a kumeneko zimagona m'nthaka kwa zaka, osamera, kudikira mvula yokwanira. Ikagwa bwino zimamera zonse pamodzi, kuchita maluwa, kubala njere zina n'kuuma m'masabata ochepa, dzuwa lisanafike poswa mtengo. Ikavuta, chaka chimenecho maluwa amakhala apatalipatali, pena osaoneka n'komwe.

Pali zomera zina zimene madzi okha sazidzutsa, zimafunanso utsi. M'chaka cha 2004 akatswiri a sayansi a ku Perth anapeza mankhwala a mu utsi amene amachititsa njere kumera, ndipo anawatcha karrikin, dzina lochokera ku mawu otanthauza utsi m'chilankhulo cha anthu a mtundu wa Noongar. Kwa ife amene tinakula tikuona msipu ndi timaluwa tikuphuka pa lupsa mvula isanagwe, nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni, koma ili ndi phindu kwa wapaulendo: malo amene anapsa chaka chatha kawirikawiri ndi amene amakhala ndi maluwa ochuluka chaka chino, choncho muzifunsa kumene moto unadutsa.

Australia ili kumwera kwa dziko lapansi ngati ife, kotero nyengo yozizira kumeneko imagwa mu Juni ndi Julayi monga kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti kumwera chakumadzulo kwa dzikolo mvula imagwa m'miyezi yozizirayo, pamene ife kuno tili m'chilimwe. M'chigawo cha Western Australia maluwa amayamba cha mu Juni kumpoto, kudera la Pilbara, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kukathera ku gombe la kumwera mu Novembala. Kudera la pakati pa madera awiriwa, kumene ndikukulimbikitsani kuti mupite, nthawi yabwino imakhala mu Ogasiti ndi Seputembala. Njira yosavuta yokumbukirira ndi iyi: jakaranda akamafika pachimake m'misewu ya mu Lilongwe, kumeneko maluwa a m'chipululu amakhala akutha.

Chotero kuyambira mu Meyi muzitsatira nkhani za mvula ya kumeneko pa intaneti. Maofesi olandira alendo a m'matauni ang'onoang'ono monga Mullewa ndi Mingenew amalengeza mmene maluwa akuyendera nyengo ikafika, ndipo mawu awo ndi odalirika kuposa zithunzi zokongola za pa Facebook, zimene mwina zinajambulidwa zaka zisanu zapitazo m'chaka cha mvula yambiri. Ngati thumba likulola, gulani tikiti yoti mukhoza kusintha tsiku.

Sankhani dera limodzi

Western Australia yokha ndi yaikulu kuposa Malawi maulendo oposa 20, pamene anthu ake ndi pafupifupi 3 miliyoni, ambiri mwa iwo okhala ku Perth. Chigawochi chili ndi mitundu ya maluwa a kutchire yoposa 12,000, ndipo yoposa theka siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Munthu sangazione zonsezi pa ulendo umodzi, ndipo woyesa kutero amathera masiku ake m'galimoto.

Kwa wochokera kuno, malangizo anga ndi akuti muyambire ku Perth. Tsiku loyamba pitani ku Kings Park, munda waukulu wa m'kati mwa mzindawo umene muli zomera za m'chigawochi pafupifupi 3,000, zambiri zili ndi tizikwangwani ta mayina. Kulowa n'kwaulere, ndipo mu Seputembala kumakhala chikondwerero cha maluwa. Maola amene mungathere kumeneko ndi sukulu: mukaphunzira kusiyanitsa kangaroo paw, duwa lofiira ndi lobiriwira limene ndi chizindikiro cha chigawochi, ndi banksia kapena wattle, kutchire maso anu adzakhala otseguka kale. Kenako lowerani kumpoto. Kuchokera ku Perth kukafika ku Geraldton ndi makilomita pafupifupi 420, kutalikirako pang'ono kuposa ulendo wa Lilongwe kupita ku Mzuzu, ndipo kuchokera ku Geraldton kulowa kummawa kukafika ku Mullewa ndi makilomita ena pafupifupi 100. Masiku asanu kapena asanu ndi limodzi amakwana kuzungulira dera limeneli mosathamanga.

Amene mtima wawo uli pa chipululu chenicheni cha pakati pa dzikolo akhoza kukwera ndege kupita ku Alice Springs, kumene pa chaka kumagwa mvula yosakwana mamilimita 300, pamene kuno ku Lilongwe imaposa 800. Kuchokera pamenepo kukafika ku thanthwe lotchuka la Uluru ndi makilomita pafupifupi 450. Ulendowu ndi wokwera mtengo, ndipo maluwa a kumeneko ndi osapanganika kwambiri chifukwa mvula yake ilibe nyengo yodziwika.

Mapepala ndi chikwama

Mmalawi amafunika viza kuti alowe mu Australia, ndipo ya alendo imapemphedwa pa intaneti. Yambani kudakali miyezi ingapo, ndipo musalipire zinthu zosabwezedwa ndalama viza isanatuluke. Njira yachidule ndi yonyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku Johannesburg, n'kuwoloka nyanja ya Indian kukatera ku Perth, kumene nthawi ili patsogolo pa yathu ndi maola 6.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ife Amalawi sitiyenda chimanjamanja. Popita kwa m'bale timanyamula ufa, usipa, mtedza, nyemba ndi tsabola wa kambuzi, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma dziko la Australia limateteza zomera ndi ziweto zake mwamphamvu kwambiri. M'ndege mudzapatsidwa khadi lofunsa ngati mwanyamula chakudya, njere, zinthu za mtengo kapena nsapato za dothi. Lembani zonse moona. Chimene mwachitchula akhoza kungochiyang'ana n'kukubwezerani kapena kuchitaya popanda mlandu, koma chimene mwabisa chikapezeka pali chindapusa chachikulu, ndipo viza yanu ikhoza kuthetsedwa. Nsapato zimene munayenda nazo kumunda muzitsuke ndi bulashi mpaka kunsi musanaziike m'chikwama.

Za zovala, tengani juzi yokhuthala ndi chipewa cha mlomo waukulu. Usiku m'chipululu kumazizira kuposa ku Dedza mu Julayi, pamene masana dzuwa limawotcha khungu ngakhale la munthu wakuda. Nsapato zikhale zotseka, buluku likhale lalitali, chifukwa udzu wa spinifex umabaya ngati singano. Kaneti kovala kumutu koteteza ntchentche kamagulitsidwa m'masitolo a kumeneko, ndipo musachite nako manyazi, popeza ntchentche za kutchireko zimalimbana ndi maso, mphuno ndi pakamwa tsiku lonse.

Pa msewu

Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu kuno, choncho dzanja silivutika kuzolowera. Chimene chimavuta kuzolowera ndi kusowa kwa anthu. Pa msewu wa M1 simungayende makilomita asanu osaona wanjinga, wogulitsa tomato kapena mwana woweta mbuzi, ndipo galimoto ikafa anthu amatulukira okha kudzakankha. Kumeneko mukhoza kuyenda ola lathunthu osakumana ndi munthu, nyumba kapena chitsime. Zonse zimene ndikunena m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Pobwereka galimoto funsani ngati ikuloledwa kuyenda m'misewu ya fumbi, chifukwa makampani ambiri amaletsa, ndipo inshuwalansi siigwira ntchito mukachita ngozi kumene anakuletsani. Onani ndi maso anu tayala la sipeya ndi jeke musananyamuke. Thirani mafuta pa tauni iliyonse ngakhale thanki ili pa theka. Nyamulani madzi akumwa osachepera malita asanu pa munthu aliyense pa tsiku, ndi ena apadera oti musawakhudze pokhapokha zitavuta, ndipo akhale m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikabooka musataye onse. Netiweki ya foni imatha mukangotuluka m'tauni. Ya Telstra ndi imene imafika kutali kuposa zina, komabe sungani mapu m'foni mudakali pa intaneti ndipo mugule ena a pepala. Muuzeni munthu wina njira imene mudzere ndi tsiku limene mubwerere. Nambala ya pangozi ndi 000.

Musayendetse galimoto m'bandakucha, madzulo kachisisira kapena usiku, chifukwa ndi nthawi imene nyama za kangaroo zimadumphira mu msewu mosayembekezeka. Mudzakumananso ndi malole okoka ngolo zitatu kapena zinayi, ena otalika kuposa mamita 50. Apatseni mpata, ndipo pa msewu wa fumbi patukani, imani, fumbi lithe. Walira mvula walira matope: chaka cha maluwa ambiri ndi chakanso chimene misewu ya fumbi imatsekedwa kawirikawiri, ndipo chikwangwani chikanena kuti msewu watsekedwa, bwererani.

Galimoto ikawonongeka, musaisiye. Lamulo limeneli ndinalimvetsa tsiku limene tayala lathu linaphulika pa msewu wa miyala, dzuwa lili paliwombo. Titaona kuti sipanala imene tinapatsidwa siikugwira bwino, ine ndinaganiza zoyenda pansi kukafuna famu imene tinaidutsa. Mlamu wanga anandigwira mkono n'kunena kuti, "Alamu, khalani pansi. Galimoto imaoneka patali, munthu saoneka." Tinakhala pa mthunzi wa galimotoyo tikumwa madzi pang'onopang'ono, ndipo patapita maola awiri mlimi wina anatipeza n'kutithandiza. Titabwerera pa msewu womwewo ndinaona kuti famu imene ndinkaiyesa yapafupi inali pa mtunda woti sindikanafika ndi botolo limodzi la madzi. Kumadera akutali kwambiri thandizo la chipatala limabwera pa ndege za bungwe la Royal Flying Doctor Service, limene linayamba mu 1928, koma nalonso limafuna kudziwa pamene muli.

Mukafika pa maluwa

Malo oyamba amene ndingakutumizeni ndi Coalseam Conservation Park, pakati pa Mingenew ndi Mullewa, m'chigwa cha mtsinje wa Irwin, pamene malasha anapezeka mu 1846. Pozungulira ponse ndi minda ya tirigu, koma mukatsikira m'chigwamo m'chaka chabwino mumapeza pansi ponse, kunsi kwa mitengo ya mtundu wa mthethe, patayalidwa maluwa otchedwa everlasting, apinki, oyera ndi achikasu. Mukakhudza duwa limodzi ndi chala limamveka ngati pepala louma, ndipo mphepo ikawomba dambo lonse limachita kaphokoso ngati ka makoko a chimanga. Maluwa amenewa amatseka usiku ndiponso kukachita mitambo, n'kutsegula dzuwa likatentha, choncho kulawirira m'mamawa kwambiri sikupindula. Fikani cha m'ma 10 koloko, mukhale mpaka dzuwa litapendeka.

Kuchokera ku Mullewa pitani kummawa makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Pindar, kumene kumamera duwa limene ine ndimalikonda kuposa onse. Eni ake amalitcha wreath flower, ndipo akatswiri amati Lechenaultia macrantha, koma Mmalawi aliyense akaliona anganene yekha kuti ndi nkhata. Chomeracho chimayala pansi mozungulira, kukula kwake ngati lichero laling'ono, pakati pali masamba obiriwira, ndipo maluwa achikasu okhala ndi milomo yofiirira amatuluka m'mphepete mokhamokha, ngati kuti munthu anachita kuluka n'kusiya pa mchenga. Chimakonda dothi la miyala limene lasokonezedwa, n'chifukwa chake chimamera m'mbali mwenimweni mwa msewu, mmene makina osalaza msewu anapalamo. Ife tinadutsa pamalopo osaona kanthu, mpaka mlamu wanga anaimitsa galimoto n'kunena kuti, "Alamu, tatsikani, muyang'ane pansi." Zinali pamenepo, mzere wonse, zina pafupi kwambiri ndi pamene matayala a anthu amaponda. Choncho imikani galimoto patali ndipo muyende wapansi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kutchire kumeneko mawuwa ndi malangizo enieni a ntchito. Dambo la maluwa limaoneka muli m'galimoto, koma timaluwa ta mtundu wa orchid, tina tooneka ngati kangaude, tina ngati makutu a bulu, timabisala pansi pa zitsamba ndipo timaoneka kwa munthu amene wagwada. Sankhani malo amodzi, mukhalepo mphindi makumi awiri, muyang'ane dera losaposa mphasa imodzi. Mudzadabwa kuwerenga mitundu isanu kapena khumi pamene poyamba munkaona umodzi.

Duwa lotchuka kwambiri la m'chipululu ndi Sturt's desert pea, limene lakhala chizindikiro cha chigawo cha South Australia kuyambira mu 1961. Limayanga pansi ngati dzungu, masamba ake ndi otuwa ndi aubweya, ndipo maluwa ake ofiira ngati magazi amaima m'magulu, lililonse lili ndi chotupa chakuda chonyezimira pakati ngati diso. William Dampier anatola duwali ku gombe la kumadzulo mu 1699, ndipo dzina linachokera kwa Charles Sturt amene analiona pa ulendo wake wa m'ma 1840, ngakhale eni nthaka ankalidziwa kalekale azungu asanafike. Limapezeka kumadera ouma kwambiri, monga ku Pilbara ndi pakati pa dzikolo. Mukalephera kulipeza kutchire, kafunseni ku Alice Springs Desert Park kapena ku Kings Park komwe kuja.

Musathyole duwa ngakhale limodzi. Ku Western Australia kuthyola maluwa a kutchire popanda chilolezo ndi mlandu, koma ngakhale pakanapanda lamulo, duwa lothyoledwa silibala njere, ndipo m'dziko limene mvula yabwino ikhoza kudumpha zaka zingapo njere iliyonse ndi nkhokwe. Yendani m'tinjira timene tilipo kale. M'malo ena, monga ku Lesueur National Park, mudzapeza pochotsera dothi ku nsapato polowa, chifukwa pali matenda a m'nthaka otchedwa dieback amene amaoletsa mizu ya zomera ndipo amayenda ndi matope. Musalowe m'munda wa munthu popanda kupempha, ndipo geti limene mwalipeza lotseka mulitsekenso. Yang'anani pamene mukuponda ndi pamene mukuika dzanja, chifukwa nyengo ya maluwa ndi imenenso njoka zimayamba kutuluka. Wina akalumidwa musacheke pa bala, musayamwe ndipo musatsuke. Kulungani mwendo kapena mkono wonse ndi bandeji mothina, munthuyo asayende, ndipo itanani thandizo.

Dziko limeneli lili ndi eni ake amene akhalapo zaka zikwizikwi. Ku Uluru, kumene thanthwe linabwezedwa kwa anthu a mtundu wa Anangu mu 1985 ndipo kukwera pamwamba pake kunaletsedwa mu Okutobala 2019, pali malo amene zikwangwani zimapempha alendo kuti asajambule. Ife amene timadziwa kuti mlendo salowa ku dambwe kapena ku manda chilowelowe sitifunika kuuzidwa kawiri.

Kusunga zimene mwaona

Popeza duwa simungalitenge, muyenera kulinyamula m'njira ina, ndipo foni yokha siikwanira. Ndinabwerako ndi zithunzi mazanamazana, koma patapita chaka zimene zinali ndi tanthauzo ndi zokhazo zimene ndinazilembera mawu. Gulani kope laling'ono la chikuto cholimba ndi pensulo, popeza bolopeni imavuta m'fumbi. Pa malo aliwonse lembani tsiku, dzina la msewu, mtundu wa dothi, mmene kunja kunalili ndi dzina la duwa ngati mwalidziwa. Ngati simukulidziwa lifotokozeni m'Chichewa momwe likuonekera, monga mmene ine ndinalembera kuti "nkhata ya pa mchenga", ndipo dzina lenileni mudzalipeza madzulo m'buku kapena kwa anthu a ku ofesi ya alendo. Lembaninso zimene kamera siigwira, monga fungo la bulugama m'mawa kukachita mame. Mtengo umenewu, umene timapangira milimo ndi mapolo kuno kwathu, kwawo ndi komweko, ndipo fungo lake linandipeza ndili pakati pa chipululu n'kundikumbutsa kumudzi.

Pojambula, gwadani kapena gonani pansi kuti kamera ikhale pa msinkhu wa duwa. Duwa lililonse mulijambule katatu: pafupi, chomera chonse ndi masamba ake, ndiponso malo amene lamera. Jambulaninso chikwangwani cha msewu musanayambe, kuti zithunzi zotsatira zidziwike kumene zinachokera. Masitolo a kumeneko amagulitsa timapaketi ta njere za maluwawa, koma kulowetsa mbewu m'Malawi kumafuna chilolezo cha boma, choncho funsani ku unduna wa zamalimidwe musananyamuke ngati muli ndi maganizo amenewo.

Mukafika kunyumba musalole kuti mwezi uthe. Sankhani zithunzi makumi awiri kapena atatu, mukazitsukitse ku situdiyo ina iliyonse ya mu Old Town, muzimate m'kope lija moyang'anizana ndi mawu ake, ndipo kumbuyo kwa chilichonse mulembe malo ndi tsiku. Masamba otsala a kopelo muwasungire mvula yoyamba ya kuno, pamene maluwa ofiira a kutchire amatuphuka pa nthaka youma m'mbali mwa msewu wa ku Dzalanyama, kapena Januwale ndi Febuluwale wa ku Nyika, kumene kuli mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo mukalembe m'njira yomweyo: tsiku, msewu, dothi, ndi dzina limene anthu a pamalopo amalitchula duwalo.